Mlendo Saumba Njerwa

Abale ndi alongo a m'midzi ya kumalire kuno, mwezi wa Febuluwale tonse timaudziwa kuti ndi mwezi wa njala. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chisanakhwime, ndipo misewu yopita ku vila imakhala matope okhaokha. Komatu ndi nyengo yomweyi imene ana athu amene adakhoza kalasi ya 12 ndi mayeso olowera ku yunivesite amamanga katundu wawo ndi kutsazika. Ena amapita pafupi, pa Ulónguè pomwepa kapena ku Tete. Ena amapita ku Chimoio, ku Beira, ku Nampula, mwinanso ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuchokera mumzinda wa Tete. Kuti mwana mmodzi anyamuke, banja limagulitsa matumba a mbatata ya kachewere, mbuzi, penanso ng'ombe ya pangolo. Amalume amasonkha, azakhali amakazinga mtedza wa kamba wa paulendo, ndipo mudzi wonse umati mwana wathu wapita kukatenga nzeru.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe patsamba lino ndi ichi: mwa ana amene timawaperekeza ndi nthungululu, alipo amene amabwerako mwakachetechete chaka chisanathe. Amatsika shapa kutada kuti anthu asawaone. Pakapita masiku timawapeza kudimba kapena pamsika wa pamalire akusintha ndalama, ndipo za sukulu safuna kuti muzitchule. Ife tsono timayamba kugamula mlandu tisanaumve. Wina amati mutu wake ndi wouma. Wina amati adakalowerera ndi mowa. Agogo amati anthu ansanje adamuchita chipongwe. Inde, alipo amene mowa udawagwetsa, ndipo alipo ambiri amene ndalama zidawathera panjira. Koma ine amene ndaphunzitsa ana kwa zaka zambiri m'sukulu za boma lino, ndiponso ndidakhalako pa mabenchi a yunivesite, ndaona nthenda ina imene sitiitchula. Nthendayo ndi funso limene limalowa mumtima mwa mwana sabata yoyamba, n'kumamudya pang'onopang'ono ngati nankafumbwe m'nkhokwe. Funsolo ndi lakuti: kodi ine ndine wa pano?

Ife a kumalire funso limeneli tikulidziwa kuposa wina aliyense. Pa zaka za nkhondo, anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Ambiri a ife tidakakhala ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza, ena m'misasa, ena m'midzi ya abale athu enieni amene timalankhula nawo chinenero chimodzi. Adatilandira, adatipatsa malo, ndipo sitidzaiwala. Koma akuluakulu anzanga kumbukirani bwino: ndani mwa makolo athu amene adaumba njerwa ndi kuziotcha kumene kuja? Ndani adabzala mtengo wa mango kapena wa mapichesi? Bambo anga adamanga kanyumba ka mitengo ndi dothi, ndipo chaka chilichonse ankangokamata pamene pagumuka. Sadali munthu waulesi ayi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ife titabwerera kwathu, manja omwewo adaumba njerwa chilimwe choyamba, ndipo mitengo imene adabzala ikudyedwa ndi zidzukulu lero. Munthu amakhetsa thukuta lake pamalo pamene mtima wake wamuuza kuti pano m'pako, mawa udzakhala ulipobe, ndipo palibe amene adzakuloze chala. Mlendo amadya, amagona, amathokoza, koma saumba njerwa.

Maphunziro a ku yunivesite ndi kuumba njerwa kumene. Mwana amavutika zaka zinayi kapena zisanu asanaone denga la nyumba imene akumanga. Tsono ngati m'mawa uliwonse akudzuka ndi mtima wakuti pano ndangodutsa, tsiku lina adzandizindikira kuti sindine woyenera, mphamvu zoumbira njerwazo azitenga kuti?

Tiyeni tione zimene mwana wa kumudzi amakumana nazo akafika. Choyamba ndi chinenero. Kalembera wa anthu wa 2017 adaonetsa kuti mwa anthu 100 aliwonse m'Moçambique muno, pafupifupi 17 okha ndiwo amene Chipwitikizi ndi chinenero chimene adayamwira. Koma ambiri a iwo ali m'mizinda, ndipo ndi ana awo amene amamasuka m'makalasi a yunivesite. Mwana wathu Chipwitikizi adachipeza pakhomo la sukulu. Amatha kuchilemba bwino, nthawi zina kuposa mwana wa mumzinda, koma akatsegula pakamwa lilime limamuulula. Ife a Chichewa zilembo za "l" ndi "r" sitizisiyanitsa kwenikweni polankhula, ndipo kanthu kakang'ono kameneka kamakwanira kuseketsa kalasi yonse. Akanena kuti kwawo ndi kumalire, wina amamuyankha kuti ndiye kuti ndiwe Mmalawi. Ku Maputo aliponso mawu onyoza akuti "xingondo" amene ena amatchulira anthu ochokera kumpoto kwa mtsinje wa Save. Onjezeranipo chakudya chachilendo, chipinda cha lendi chogona anthu anayi osadziwana, ndi kompyuta imene anzake adayamba kuigwira ali aang'ono pamene iye akuiona koyamba.

Zimenezi pazokha sizipha munthu. Choopsa ndi mmene zimasinthira tanthauzo la chilichonse chimene chachitika. Tiyerekeze kuti mayeso oyamba atuluka, ndipo ana awiri onse apeza 7 pa 20, imene ndi negativa. Mwana amene bambo ake kapena mkulu wake adaphunzirapo pa yunivesite amangoti mphunzitsi uyu ndi wovuta, ndikafunse amene adadutsamo chaka chatha. Mwana wathu amati: ndimadziwa ine, malo ano si anga. Nota ndi imodzi, koma wina yamutuma kukafunsa, wina yamutuma kukabisala. Kuyambira tsiku limenelo wathu uja amakhala kumbuyo kwa kalasi. Sakweza dzanja poopa kusekedwa. Salowa m'gulu la anzake owerenga pamodzi, choncho mapepala a mayeso akale ndi mauthenga amene anzake amatumizirana pa WhatsApp samufika. Amawerenga yekha mpaka usiku, ndipo chimene sadamvetse m'kalasi amachiwerenga kakhumi osachimvetsabe. Mayeso achiwiri akabwera, negativa ina imadzatsimikiza zimene mtima wake udamuuza kale. Ngakhale ali m'kalasi, theka la maganizo ake lili kwa mphunzitsi, theka lina likumvetsera ngati wina akumuseka. Ali ngati munthu amene akupalira munda kwinaku akulondera anyani: mzere sautha.

Zimene ndikunenazi ndidaziona ndi maso. Ine sukulu ndidayambira ku Malawi pa nthawi yothawa nkhondo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo titabwerera ndidayambanso Chipwitikizi ndili mnyamata wamkulu pakati pa tiana. Patapita zaka ndidapeza malo pa yunivesite ina ku Beira. Mwezi woyamba mphunzitsi wina adandiimiritsa kuti ndibwereze liwu limodzi katatu, kalasi ikuseka, kenaka adandifunsa ngati ndili ndi chitupa cha dziko lino. Ku Malawi tidali othawa kwawo, ndipo kuno m'dziko lathu lomwe tidasanduka Amalawi. Usiku umenewo ndidawerenga ndalama zimene zidali m'thumba kuti ndione ngati zingakwane ulendo wobwerera.

Chimene chidandigwira dzanja ndi zinthu ziwiri zazing'ono. Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi, mayi wina wachikulire adandimva ndikupereka moni m'Chichewa kwa mwana wogulitsa nthochi. Adandiitana nati, "Mwanawe, kwanu n'kuti?" Adali wa ku Tsangano, wokwatiwa ku Beira zaka zambiri. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndinkadya nsima ya nyemba pakhomo pawo, ndipo ankandikalipira ngati mwana wawo akaona kuti ndawonda. Chachiwiri, mnyamata wina wa Chimakuwa wa ku Nampula, amenenso ankasekedwa chifukwa cha kalankhulidwe kake, adandiuza kuti tiziwerengera pamodzi. Tidakhala anayi: iyeyo, ine, Msena mmodzi ndi mtsikana wa Chindau. M'gulu limenelo ndimo mmene ndidazindikira kuti zimene zinkandivuta ine zinkawavutanso onse, ngakhale Msena uja amene adabadwira mu Beira momwemo. Tonse anayi tidamaliza.

Koma chaka chomwecho tidapita awiri ochokera m'boma lino. Mnzangayo ku sekondale ankandiposa pa phunziro lililonse, makamaka masamu. Iye adapeza chipinda kutali, kwa anthu amene sankalankhula naye. Ndikamuitana ku nsima ya Lamulungu ankati ali ndi zowerenga zambiri. Nyengo yozizira isanathe adanyamuka osatsazika munthu. Nditakumana naye patapita zaka, sadanene kuti maphunziro adali ovuta. Adati, "Achimwene, kumene kuja ndikadwala panalibe amene akadadziwa." Dziko lino lidataya mphunzitsi wa masamu pa chifukwa chimenechi.

Musaganize kuti nthendayi ndi ya ife tokha. Akatswiri a maphunziro m'maiko ena adaifufuza kalekale. Ku America, katswiri wina dzina lake Vincent Tinto adalemba buku mu 1987 lofotokoza chifukwa chimene ophunzira amasiyira yunivesite panjira. Iye adafanizira kulowa ku yunivesite ndi chinamwali: mwana amachotsedwa pakati pa abale ake, amakhala nthawi ya pakati pamene salinso mwana komanso sadakhale wamkulu, kenaka amalandiridwa m'gulu latsopano. Adati amene amasiya kawirikawiri ndi amene adachoka kwawo koma kumene adapitako sadalandiridwe, m'kalasi ngakhalenso pakati pa anzawo. Tsono ife amene chinamwali timachidziwa tifunsane: ndi mudzi uti umene umalowetsa namwali m'tsimba popanda phungu? Makolo athu ankadziwa kuti nthawi ya pakatiyo ndi yoopsa, n'chifukwa chake namwali aliyense ankamupatsa munthu amene adadutsamo kale, womulangiza, womudyetsa ndi womuyankhira. Nanga bwanji ife timatumiza mwana ku Maputo ndi thumba la ufa ndi nambala ya foni ya mwini nyumba basi?

Ku America komweko, akatswiri awiri, Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen, adayesa mankhwala a nthendayi ndipo adafalitsa zimene adapeza mu 2011. Adatenga ophunzira a chaka choyamba pa yunivesite ina yotchuka, akuda ndi azungu, n'kuwapatsa kuti awerenge mawu a ophunzira a m'makalasi apamwamba. Mawuwo ankanena kuti nafenso chaka choyamba tinkadziona ngati osafunika pano, koma maganizo amenewo amagwira aliyense ndipo amatha pakapita nthawi. Kenaka adawapempha kuti nawonso afotokoze zomwezo m'mawu awoawo kuti zidzathandize obwera pambuyo. Ntchito yonseyi idatenga pafupifupi ola limodzi. Atawatsatira kwa zaka zitatu, adapeza kuti manota a ophunzira akuda amene adachita nawo adakwera, kotero kuti kusiyana kwa manota awo ndi a azungu kudachepa ndi theka. Sadawapatse ndalama, sadawaonjezere phunziro. Adangowachotsera bodza limodzi lakuti ndine ndekha amene ndikuvutika, ndipo ndikuvutika chifukwa cha kumene ndidachokera.

Mlimi aliyense wa fodya kapena kabichi akudziwa zimenezi. Mbande ikachoka ku nazale n'kuwokeredwa kumunda imafota masiku oyamba, masamba ali lende. Wosadziwa ulimi amati yafa, n'kuizula. Wodziwa amathirira m'mawa ndi madzulo, podziwa kuti mizu ikufunafuna dothi latsopano. Mwana wathu akamafota mwezi woyamba, afunika wina womuuza kuti uku n'kufota kwa kuwokera, si imfa ayi.

Katswiri winanso, mphunzitsi wa masamu Uri Treisman wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, adadabwa m'zaka za m'ma 1970 kuona ophunzira akuda amene adali anzeru ku sekondale akulephera masamu, pamene ophunzira a Chitchaina ankakhoza. Atawatsatira kumene ankagona adapeza kuti akudawo ankawerenga molimbika koma aliyense payekha, pamene Atchaina ankakumana madzulo, kudyera pamodzi ndi kukonzerana zolakwa. Atakhazikitsa magulu oti ophunzira azisulana pa masamu ovuta, amene ankalephera aja adayamba kukhoza. Makolo athu adaneneratu kuti mutu umodzi susenza denga.

Ngakhale munthu amene yunivesite yaikulu ya dziko lino idatenga dzina lake mu 1976 adadutsa njira yomweyi. Eduardo Mondlane adabadwa mu 1920 m'boma la Manjacaze ku Gaza, ndipo adali mbusa wa ziweto asanayambe sukulu. Adakalowa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, koma mu 1949 boma la tsankho lidamuchotsa m'dzikomo. Adapita ku Lisboa mu 1950, kumene apolisi ankavutitsa ophunzira ochokera ku Africa. Kumeneko kudali nyumba yotchedwa Casa dos Estudantes do Império, imene idatsegulidwa mu 1944 n'kutsekedwa mu 1965. Boma la Salazar lidaifuna kuti ana a m'maiko olamulidwa azidziona ngati Apwitikizi, koma m'malo mwake idakhala malo amene ana a ku Angola, Moçambique, Cabo Verde ndi Guiné adapezerana ndi kulimbikitsana. Amílcar Cabral, Agostinho Neto ndi Marcelino dos Santos adadutsa m'gulu la ophunzira limenelo. Mondlane adapitiriza ulendo mpaka ku America, adamaliza pa Oberlin mu 1953, ndipo adalandira digiri ya udokotala pa Northwestern mu 1960. Malo awiri adamuuza kuti si wa pamenepo, koma paliponse adapeza anthu amene adamuuza kuti ndiwe wathu, kuyambira a mishoni ya Swisi amene adamuthandiza ali mnyamata. Mbusa wa ziweto ameneyo akadakhala yekhayekha, dzina lake silikadakhala pa chipata cha yunivesite.

Lero zinthu zasintha ndithu. Pamene dziko lino linkalandira ufulu mu 1975 kudali yunivesite imodzi yokha, ku Maputo, imene idayamba mu 1962. Mu 1985 kudabwera sukulu ya ukachenjede ya aphunzitsi imene idasanduka Universidade Pedagógica mu 1995. Universidade Católica idatsegula zitseko mu 1996 ku Beira ndi ku Nampula. Instituto Superior Politécnico de Tete idakhazikitsidwa mu 2005. UniZambeze idayamba kuphunzitsa mu 2009, ndipo ili ndi nthambi ya zaumoyo ku Tete ndi ya zaulimi pa Ulónguè pathu pano. Mu 2019 Pedagógica idagawidwa, ndipo chigawo chathu chidagwera ku UniPúnguè. Choncho mwana wa ku Dómuè, ku Macanga kapena ku Zóbuè sayeneranso kuwoloka Save kuti apeze digiri. Komabe kufupika kwa mtunda sikuthetsa funso lija. Mwana wozolowera mphepo ya kumapiri akatsikira ku Tete, kumene dzuwa limaotcha ngati ng'anjo ndipo pamsika akulankhula Chinyungwe, amadziona mlendo ngakhale ali m'chigawo chake.

Ndiponso tisaiwale kuti tsopano nafenso tasanduka eni khomo. Pa Ulónguè pamabwera ana a anzathu ochokera ku Quelimane, ku Beira ndi kummwera kudzaphunzira zaulimi. Amafika opanda bulangete lokwanira chisanu cha mwezi wa Juni, osamva liwu limodzi la Chichewa. Inu amayi amene mumawachititsa lendi, inu abambo a pamsika, inu a kwaya ndi a mphakati, mumawatani anawa? Kodi mumangowakwezera mtengo wa tomato poti ndi alendo, kapena mumawafunsa kuti wagona bwanji? Mbale ya nsima imene mungapatse mwana wa ku Quelimane ndi ngongole imene wina akubwezera mwana wanu ku Quelimane komweko. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsopano ndifike pamene pakupweteka, makolo anzanga. Nthawi zina amene timadula mizu ya mwana ndife eni ake. Akabwera pa tchuthi timamulandira ndi mawu achipongwe akuti adokotala afika. Akalankhula Chipwitikizi pa foni timati akudzikweza. Akagwira khasu timati nanga sukulu yakoyo ikukuthandiza chiyani. Anzake a msinkhu wake amamupatula pa bwalo la bawo poti si mnzawonso. Akabwerera ku sukulu, foni yochokera kumudzi imalira pokhapokha pakafunika ndalama, kapena pomukumbutsa kuti ng'ombe idagulitsidwa chifukwa cha iye ndipo asayerekeze kulephera. Mwana wotere amasanduka mleme: kwa mbalame amati ndiwe mbewa, kwa mbewa amati ndiwe mbalame. Ndipo akapeza negativa sangauze munthu, chifukwa kumudzi akumuyembekeza ngati mpulumutsi ndipo ku sukulu akudziona ngati wolowerera. Kwa ana aakazi katunduyu ndi wolemera kawiri, pakuti pamwamba pa zonsezi timawaonjezera mphekesera zakuti mtsikana wa mumzinda ndiye kuti walowerera, ndi mafunso osatha akuti ukwatiwa liti.

Apa ndipo pamene fanizo la chinamwali liyenera kumveka bwino. Namwali amachoka m'nyumba ya amake, koma sachotsedwa m'mudzi. Akatuluka m'tsimba mudzi womwewo ndiwo umamuvinira. Mwana amene akudziwa kuti kwawo akuwerengedwabe, kuti gawo lake la munda lilipo ndipo dzina lake limatchulidwa pa mapemphero a madzulo, amalimba mtima kufunsa funso m'kalasi ngakhale asekedwe, chifukwa ulemu wake wonse sudapachikidwe pa kalasi imeneyo.

Tsono tichitenji? Zimene ndikupempha sizifuna metikali imodzi.

Mwana asananyamuke, mumfunire phungu. M'boma lino mulibe mudzi umene uli kutali kwambiri ndi mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene adadutsa ku yunivesite. Pitani naye mwanayo akacheze. Ndipo inu amene mudaphunzira, musamuuze za tsiku lovala mkanjo lokha. Muuzeni za negativa yanu yoyamba, za tsiku limene adakusekani, za usiku umene mudafuna kubwerera. Mawu amenewo ndiwo kamba weniweni. Mufunsenso ngati kumene akupitako kuli mwana wa kuno wa chaka chachiwiri kapena chachitatu woti akamuchingamire pamalo otsikira basi.

Mukamuimbira foni, musayambe ndi manota. Mufunseni kuti amadya ndi yani, amawerenga ndi yani, ndipo atadwala usiku angagogode pa chitseko cha yani. Ngati mayankho onse atatu ndi akuti palibe, dziwani kuti mwana ali pangozi ngakhale anene kuti zonse zili bwino. Muuzeninso nkhani za kumudzi: ng'ombe imene yabereka, mvula mmene yagwera, amene wakwatira. Nkhani zimenezi zimamuuza kuti malo ake sadatsekedwe.

Mumulimbikitse kulowa m'gulu, kaya ndi kwaya, mpira, mphakati kapena gulu lowerenga. Anzake ochokera kuno ndi ofunika, pakuti ndi amene angaseke naye m'chinenero chake. Koma asathere pomwepo. Mmakuwa, Msena ndi Mchangana amene ali naye m'kalasi ndi amene adzagwire naye ntchito mawa, ndipo ambiri a iwo akubisa mantha omwewo.

Musamuchititse manyazi ndi chinenero chake, ndipo iye asachite nacho manyazi. Pamene boma lidayesa koyamba kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, lidasankha zinenero ziwiri zokha: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja chathu chino ku Tete. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 9, amati zinenero za dziko lino ndi chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro chimene boma liyenera kuchilemekeza. Mwana wa kumalire amene amalankhula Chichewa, Chipwitikizi, mwinanso Chingerezi, ali ndi makasu atatu pamene wina ali ndi limodzi. Dokotala amene angamve gogo wa ku Chifunde akufotokoza pamene pakupweteka popanda womasulira ndi amene zipatala zathu zikumusowa.

Kwa aphunzitsi a m'mayunivesite amene tsamba lino lingawapeze, pempho langa ndi laling'ono: dziwani dzina la mwana wokhala kumbuyo uja, ndipo mulitchule bwino. Mukabweza pepala lofiira ndi inki, onjezani mawu akuti ndakonza kwambiri chifukwa ndikudziwa kuti ungathe. Kuseka kwa mphindi imodzi kungathe kutaya ng'ombe ya banja lonse.

Ndipo za ana amene adabwerera kale, tisawaike m'manda ali moyo. Ambiri a iwo nzeru zawo zilipobe. Ena angathe kulembanso mayeso olowera, ena angaphunzire pafupi ndi kwawo kapena maphunziro a patali, ena angalowe sukulu za aphunzitsi, za zaumoyo kapena za ntchito zamanja. Choyamba chimene akufuna ndi munthu woti akhale naye pansi ndi kumufunsa, mopanda kuweruza, kuti kodi kumene kuja kudachitika zotani.

Sindikunena kuti kulandiridwa kumalowa m'malo mwa khama kapena mwa ndalama. Mwana wanjala sawerenga, ndipo waulesi sakhoza ngakhale mudzi wonse umukonde. Koma khama lili ngati mbewu: timaliika m'dothi limene tikulikhulupirira. Inu ana athu amene mukunyamuka chaka chino, imvani mawu a mphunzitsi wanu. Malo amene mwapezawo simudabe, ndipo palibe amene adakuchitirani chifundo. Mudalemba mayeso omwewo amene adalemba mwana wa mumzinda, mutawerengera pa nyali ya koloboyi. Yunivesite za boma zimayenda ndi misonkho ya dziko lonse, kuphatikizapo thukuta la makolo anu olima fodya, chimanga ndi mbatata. Mukafika, khalani kutsogolo, funsani, pezani anzanu, ndipo muyambe kuumba njerwa tsiku loyamba. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo dziwe lililonse la m'dziko lino ndi lanunso. Ife kuno tikusungirani malo anu pamphasa.